Kumene galimoto safika: kupalasa njinga m'Chigwa cha Shire

Munthu wochokera ku Blantyre pa msewu wa M1 amachiona Chigwa cha Shire asanachiponde. Akangopitirira Madziabango msewu umayamba kukhotakhota potsika phiri, makutu amatseka, mphepo yolowa pawindo imayamba kufunda, ndipo pansi patali pamaoneka dziko loyalidwa ngati mphasa, mtsinje ukunyezimira pakati pake. Blantyre ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pamene pamalekeza madzi a nyanja yamchere. Pamene Shire amatulukira m'dziko muno kulowa ku Mozambique, kumunsi kwa Nsanje, ndi mamita 37 okha, malo otsikitsitsa m'Malawi monse. Kuchokera pa Thabwa, patsinde pa phirilo, mpaka ku Marka pamalire, munthu atha kupalasa masiku awiri osakumana ndi chitunda chomutsitsa pachishalo.

N'chifukwa chake chigwachi ndi dziko la njinga. Kuno njinga yakapalasa imasenza matumba a thonje ndi chitowe, mitolo ya bango, madengu a makakana ochokera kudoko, mbuzi yomangidwa miyendo pakaliyala, mayi wapakati wopita kusikelo, mwana wa sukulu ndi mng'ono wake kumbuyo. Ntchito imene kwina amati kabaza, kuno ambiri amati shapa, ndipo pa Dyeratu, pa Nchalo, pa Ngabu, pa Bangula ndi pa Nsanje anyamata a shapa ndi amene amayamba kukulonjerani mukangotsika minibasi. Njinga ndi khasu lachiwiri la banja. Tsono munthu akanena kuti akufuna kupalasa popanda kokagula kanthu kapena kokazonda matenda, kungoti akapitidwe mphepo, ena amamuyang'ana modabwa. Kudabwako kuli ndi pake, ndipo wopalasa mosangalala ayenera kukumbukira kuti njira iliyonse imene adzadutsemo ndi malo a ntchito a anzake. Komabe ine ndimakhulupirira kuti mphunzitsi wa ku Nchalo, namwino wa ku Ngabu, kapena mlendo wotsika kumtunda Loweruka, akayenda chigwachi pa njinga amachidziwa mwa njira imene wa pagalimoto sangachidziwire.

Vuto lili pa msewu waukulu. M1 ndiye msana wa chigwa chonse, ndipo chilichonse cholemera chimadutsa pamenepo: mathiraki a shuga ochokera ku Nchalo, a mafuta, a ng'ombe zopita ku Blantyre, mabasi, maminibasi olimbirana okwera, njinga zamoto zonyamula anthu atatu. M'malo ambiri phula lake linadyeka m'mbali, mwakuti thiraki ikaliza huta kumbuyo wanjinga amayenera kutsikira pa dothi, ndipo pakati pa phula ndi dothipo pamakhala kachiphompho kokwanira kupotoza wilo. Galimoto yaikulu ikadutsa pafupi, mphepo yake imayamba yakukankha kenako n'kukukokera kumatayala ake akumbuyo. Madzulo zinthu zimaipiraipira, chifukwa njinga zambiri zilibe nyali kapena kagalasi konyezimira. Wopita kuntchito amapirira zonsezi poti sangachitire mwina. Wofuna mpumulo alibe chifukwa chokhalira pamenepo kupitirira mphindi zochepa zodumphira kuchoka pa njira ina kupita pa ina.

Maiko ena vuto limeneli analithetsa pomanga. Ku England, njanji yakale imene sitima zinasiya kuyenda pakati pa mizinda ya Bristol ndi Bath inasandutsidwa njira ya njinga ndi oyenda pansi, ya makilomita oposa 20. Ntchitoyi inachitika pakati pa 1979 ndi 1986, ndipo bungwe la Sustrans limene linaitsogolera linadzakhazikitsa njira zotere m'dziko lonselo kuyambira 1995. Ku Spain nako njanji zosiyidwa zakhala zikusandutsidwa njira za njinga kuyambira 1993. Kumeneko munthu amatsata zikwangwani zokhala ndi manambala. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje zikwangwani zotere kulibe, koma njira ziliko, zochuluka kuposa zimene boma lililonse likanatha kumanga. Anazilemba ndi matayala a anthu eni ake, chaka ndi chaka, kuchoka kumudzi kupita kumjigo, kuchigayo, kudimba, kutchalitchi, kudoko. Luso lonse lagona pa kudziwa kuziwerenga.

Njira ya njinga imadziwika ndi kamzere kosalala, kolimba, kotakata ngati chikhatho kapena ziwiri, kodutsa pakati kapena m'mphepete mwa njira yaikulupo. Kamzereko n'kamene muyenera kutsata, ngakhale kakukhotetseni mooneka ngati mopanda nzeru. Kakapatuka n'kuzungulira chitsamba, dziwani kuti kutsogoloko kuli mchenga wozama kapena minga ya mthethe, ndipo anthu mazana anaphunzirapo kale m'malo mwanu. Njira yokhala ndi mizere iwiri yozama ndi ya ngolo. Njira yodzaza ndi ziboda ndi ya ng'ombe zopita kukamwa, ndipo imathera kumtsinje, nthawi zambiri pamalo pamene munthu sayenera kuima. Mukaona patsogolo mitengo ya nimu itachita gulu, pamenepo pali mudzi kapena sukulu, pali mthunzi ndi wina womufunsa.

Mapu a pafoni amathandiza, makamaka zithunzi zojambulidwa kuchokera mumlengalenga, pamene tinjira timaoneka ngati ulusi woyera. Koma musawakhulupirire kotheratu, chifukwa kuno madzi amalembanso dziko mobwerezabwereza. Kusefukira kwa mu Januwale 2015 kunasintha njira ya mtsinje wa Ruo n'kusiya Makhanga ali kwayekha. Mu 2019 kunabwera namondwe wa Idai, mu Januwale 2022 wa Ana, amene anadula M1 m'malo angapo m'boma la Chikwawa ndi kugumula damu la Kapichira, ndipo mu Malichi 2023 kunabwera Freddy. Akuluakulu amati madzi saiwala khwawa, ndipo m'chigwa muno makwawa akale ndi ambiri. Pamene foni ikuonetsa njira mutha kupeza chigwembe. Pamene ikuonetsa tchire mutha kupeza mudzi watsopano wa anthu amene anasamukira kumtunda.

Mapu amoyo ndi anyamata a shapa. Iwo amadziwa mlatho umene wagwa sabata yatha, mjigo umene uli ndi madzi okoma, mudzi umene muli galu woluma. Koma kufunsa kuli ndi njira yake. Mukafunsa kuti malo akutiakuti ali patali bwanji, mudzauzidwa kuti m'pafupi, poti kwa munthu amene amapalasa tsiku lonse atanyamula mnzake kulikonse n'kufupi. Funsani mtengo. "Achimwene, pa shapa kukafika kudoko mumalipiritsa zingati?" Mtengo wa shapa umawerengera zonse: kutalika, mchenga, malo otsika n'kukankha, ndiponso ngati pobwera amapeza wokwera. Mukayerekeza ndi mtengo wa ulendo umene mumaudziwa kale, mwadziwa kukula kwa ntchito imene ili patsogolo panu. Funso lachiwiri ndi lakuti iwo anadutsako liti komaliza. Yankho likakhala la mwezi wathawo m'nyengo ya dzinja, funsaninso wina. Ndipo ngati njirayo simukuidziwa konse, gwirizanani ndi mmodzi kuti akutsogolereni, mumlipire za tsiku lonse monga mmene akanapezera pa siteji. Ndalama imeneyo simudzaidandaula.

Ulendo woyambira wabwino ndi wochoka pa boma la Chikwawa kulowera kumpoto, ku Kapichira, mtunda wa makilomita pafupifupi 20. Msewu wake suthera m'tauni ina iliyonse, choncho magalimoto ake ndi owerengeka, ndipo m'mbali mwake muli tinjira tambiri todutsa m'midzi ya mfumu Kasisi. Mbiri yagona ponseponse. Pa mathithi a Kapichira m'pamene sitima ya David Livingstone inalephera kupitirira mu 1859. Pafupi ndi boma pali manda a Henry Scudamore ndi John Dickinson, a mishoni ya UMCA, amene anamwalira mu 1863, ndipo chakumtunda kuli manda a Richard Thornton, katswiri wa miyala amene anamwalira chaka chomwecho. Mafumu a Chikololo a dera lino, monga Kasisi, Katunga, Maseya ndi Makhuwira, ndi zidzukulu za anthu amene anabwera ndi Livingstone kuchokera ku Zambezi n'kukhazikika pakati pa Amang'anja. Kumapeto kwa msewu kuli chipata cha Majete, nkhalango imene bungwe la African Parks lakhala likuyendetsa kuyambira 2003. M'katimo muli njovu, zipembere, njati ndi mikango imene inabwezeretsedwa mu 2012. Njinga yanu ithere pachipata. Za m'kati mufunse oyang'anira. Pa Kapichira pomwepo m'pamenenso pamayambira ngalande yaikulu ya ulimi wothirira ya Shire Valley Transformation Programme. Tsiku lina misewu ya m'mbali mwa ngalandeyi idzakhala yokoma kwa apanjinga, koma pamene makina akugwira ntchito ndi bwino kupatalikira.

Koma njira imene ine ndimaikonda ili kutsidya la kum'mawa kwa Shire. Mukafika pa Thabwa potsika kuchokera ku Blantyre, musawoloke mlatho wa Kamuzu. Khoterani kumanzere, mutsate msewu woyenda m'tsinde mwa mapiri a Thyolo. Umenewu ndi msewu umene mafumu ndi aphungu akhala akuulirira phula kwa zaka zambiri, ndipo kulira kwawo n'komveka, chifukwa odwala opita ku chipatala cha Trinity ku Muona ndi alimi a mpunga a ku Nkhate amavutika nawo. Kwa wanjinga, komabe, kuchepa kwa magalimoto kumapatsa mpata wokweza maso. Kumanzere kuli phiri lotalika lobiriwira, kumanja dziko likutsetserekera pang'onopang'ono kudambo, migwalangwa ndi mivumo itaima apa ndi apo, milambe ikuluikulu ili m'minda ya mapira. Mumadutsa Maperera, Livunzu, Nkhate, Masenjere, ndipo paliponse pali kamsika, wokonza njinga pansi pa mtengo, mayi wogulitsa thobwa ndi nthochi zotsika kuphiri.

Chokoma chenicheni chili m'tinjira topatukira kumanja. Timeneti timalowa m'madimba a chimanga ndi mbatata, amene amabiriwira pamene dziko lonse lauma, n'kukathera m'mphepete mwa Elephant Marsh, dambo limene Livingstone analitcha dzinali ataona njovu pafupifupi 800 pamalo amodzi. Njovuzo zinatha kalekale, koma dambo la mahekitala oposa 60,000 lidakalipo, ndipo mu 2017 linalembedwa pa mndandanda wa madambo ofunika pa dziko lonse pansi pa pangano la Ramsar. Kuno galimoto safika n'komwe. Chimene mumamva ndi kulira kwa nkhwazi, tcheni chanu, ndi belu la msodzi amene akubwera kutsogolo ndi dengu la nsomba. Mpatukireni msanga, pakuti iye ali pa liwiro lothamangitsana ndi dzuwa nsomba zisanaonongeke. Pa doko la Mchacha James anthu amakwera bwato kukaona mbalame: akakowa, atsekwe, avuwo ndi zina zambiri zimene mayina ake asodzi angakuuzeni bwino kuposa buku.

Mitsinje ya tsidya limeneli ndi yofunika kuiopa. Mwamphanzi, Livunzu, Nkhate, Thangadzi ndi inzake imachokera pamwamba pa phiri, ndipo miyezi yambiri imakhala mchenga wokhawokha kapena kamadzi kolekeza m'akakolo. Koma mvula ikagwa ku Thyolo madzi amafika m'chigwa mwadzidzidzi, kuno kuli dzuwa lang'aa. Mukaona mitambo yakuda yakuta phiri, musachedwe pakati pa mtsinje kujambula zithunzi, ndipo mukapeza madzi ofiira akuthamanga, khalani pansi pamodzi ndi eni dera mudikire. Iwo akayamba kuwoloka, nanunso muwoloke pomwe akuwolokapo.

Wolimba miyendo atha kupitirira mpaka ku Chiromo, pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire. Kumeneko n'kumene kunamwalira Bishopu Charles Mackenzie mu Januwale 1862, ndipo n'kumene kunkadutsa njanji yoyamba ya dziko lino, yochokera ku Port Herald, Nsanje wa lero, imene inafika ku Blantyre mu 1908. Mu 1997 madzi anagumula chimulu chimene chinanyamula njanji ndi msewu pakati pa Chiromo ndi Bangula, ndipo kuyambira pamenepo anthu ndi njinga zawo akhala akuwoloka pa maboti ndi mabwato. Malowo amatchedwa Mtayamoyo. Dzinalo lisatengedwe mwachibwana: sankhani boti losadzaza, ndipo madzi akakhala ambiri bwererani momwe munadzera.

Ku Nchalo kuli misewu yowongoka ya m'minda ya nzimbe, yoyenda m'mbali mwa ngalande, imene m'mawa uliwonse imadzaza ndi antchito apanjinga. Koma mindayo ili ndi eni ake, kampani ya Illovo, ndipo kulowamo n'kopempha. M'nyengo yodula nzimbe mumayendanso mathirakitala okoka ngolo zazitali. Chakumadzulo kuli Lengwe, nkhalango yodziwika ndi nyala, ndipo njira za m'midzi yoizungulira n'zabata. Kuchokera pa Bangula mutha kulowera ku Mwabvi, nkhalango yaing'ono kwambiri mwa nkhalango za nyama za dziko lino, kumene dziko limayamba kuchita zitunda ndi miyala.

Nsanje ali ndi bata lakelake. Doko limene linatsegulidwa mu 2010 lili duu, ndipo kumunsi kwa tauni tinjira timatsikira ku dambo la Ndindi. Chakumwera, m'njira ya ku Marka, kuli nkhalango ya Khulubvi, kachisi wa Mbona. Amenewo si malo oimikapo njinga n'kulowa mwachisawawa. Ali ndi owasunga ndi miyambo yake, kuphatikizapo ya kavalidwe, ndipo mlendo amayamba waonana ndi mafumu. Wofuna thukuta lenileni akwere phiri kupita ku Chididi, kumene mphepo imazizira ndipo chigwa chonse, mpaka ku Mozambique, chimaoneka pansi.

Nyengo ndi imene imalamula zonse. Miyezi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, dothi litauma, mitsinje itaphwa, kutentha kutachepa. Pamenepo mphepo imakonda kuchokera kumwera, choncho ndi nzeru kuyamba ulendo molimbana nayo miyendo ikadali ndi mphamvu, kuti pobwerera izikukankhani kumsana. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40 ku Ngabu ndi ku Nsanje, ndipo nthawi imeneyo dzuwa ndi loopsa kuposa thiraki. Nyamukani kukangoyera, cha m'ma 5, ndipo pofika 9 mukhale muli pamthunzi. Mutu ukayamba kuwawa, mseru ukabwera, kapena thukuta likasiya kutuluka, imani pomwepo, dzithireni madzi, mumwe pang'onopang'ono. Kapaketi ka Thanzi m'thumba kamathandiza kubwezera mchere wotayika. Madzi munyamule okwanira, chifukwa mijigo ina ya m'chigwa imatulutsa madzi amchere osamweka.

Dzinja lili ndi mdani wina: makande. Dothi lakuda limeneli, lofala m'dera la Ngabu, ndi limene limabereka thonje labwino, koma likanyowa limamata ngati phula la njuchi. Limakutira tayala, kudzaza pakati pa tayala ndi madigadi, mpaka wilo kukana kuzungulira, ndipo munthu amatsiriza ulendo njinga ili paphewa. Likauma limang'ambika ming'alu ndipo mapondedwe a ng'ombe amalimba ngati njerwa. Pa makande owuma, tsatani kamzere ka anzanu mokhulupirika ndipo phwetsani matayala pang'ono kuti asamadumphe.

Kusowa kwa galimoto sikutanthauza kusowa kwa ngozi. Njinga zamoto tsopano zimalowa m'tinjira tambiri timene kale tinali ta akapalasa okha, ndipo pamakona obisika ndi bango kapena mapira aatali muyenera kuliza belu ndi kukhala kumanzere. Ng'ona za mu Shire ndi m'madambo ake zimagwira anthu chaka chilichonse. Musatsuke njinga kapena kusamba pamalo pamene eni mudzi sakutungapo, ndipo madzi odikha a m'ngalande amakhalanso ndi likodzo. Mvuu zimatuluka usiku kukadya m'madimba n'kubwerera mbandakucha, choncho njira za m'mphepete mwa madzi si zoyendamo kusanayere bwino.

Palinso malamulo amene sanalembedwe pa chikwangwani chilichonse. Njira zambiri zimadutsa pabwalo la munthu, pakati pa nyumba ndi khola. Pamenepo chepetsani liwiro, perekani moni, ana ndi nkhuku akhale ndi mpata. Mukaona masamba ataikidwa mopingasa njira, patsogolo pali maliro: tsikani, vulani chipewa, kankhani njinga mpaka mutadutsa masamba achiwiri. Wolemedwa ndi katundu ndiye mwini kamzere kosalala, inu lowani mumchenga. Musajambule munthu musanapemphe. Ndipo kwa Asena, mawu amodzi oti "takhuta" pothokoza amatsegula nkhope zambiri.

Njinga yake siyenera kukhala yodula. Yakuda yachikale ya giya imodzi, imene wokonza aliyense pansi pa mtengo amaidziwa mpaka kansomali komaliza, imayenda bwino m'dziko lathyathyathya chonchi kuposa yamagiya ambiri imene chitsulo chake chikathyoka muyenera kukachifuna ku Limbe. Chofunika ndi matayala onenepa a mano abwino, mabuleki ogwira, belu, ndi chipewa choteteza mutu. M'kachikwama muike pampu, chubu chapadera, zigamba ndi guluu wake, sipanala, ndi kansalu kopukutira tcheni, chifukwa fumbi la kuno limadya tcheni msanga. Minga idzakubayani ndithu. Mukamata chubu, yendetsani chala mosamala m'kati mwa tayala kuti mupeze munga umene watsalira, apo ayi mudzamatanso musanafike pa mlambe wotsatira.

Uzani wina kumene mwalowera ndi nthawi imene mubwerere, chifukwa m'malo ena a kudambo foni sigwira. Mu Juni dzuwa limalowa isanakwane 6, ndipo mdima wa m'chigwa suchedwa. Chizindikiro chodalirika ndi ng'ombe. Mukaona fumbi lofiira likukwera chakumtsinje, abusa akuliza likhweru pozibweza kumakola, tembenuzani njinga. Patsala ola limodzi kuti udzudzu utuluke m'bango, ndipo ngati pali kachigawo ka M1 koti mudutse musanafike kunyumba, mukadutse madalaivala akadakuonani.